Mboni zitatu, pakamwa pamodzi

Mwazisi,
Rumphi.
17 Juni 2023.

Achemwali anga a Nangozo,

Landirani moni wochokera kuno kumpoto. Muli bwanji kumudziko ku Kasinje? Nanga bondo lija linkakuvutani pa maliro a alamu linasiya, kapena likadakulamulanibe? Ndinamva kuti tsopano mumayenda ndi ndodo. Kwa inu ndi phindu limenelo, chifukwa kale mukafuna kundikwapula munkachita kuthyola kaye kamtengo, pomwe lero chida chili m'manja kale.

Ife kuno tili bwino chomene, monga amanenera eni dziko. Alamu anu a Nyachirambo ali bwino, kungoti maso ayamba kuchepa mphamvu, zomwe zandikomera ine popeza akuti ndikuoneka ngati mnyamata. Ine mano atsala ochepa, koma otsalawo ndi ogwirizana. Fodya wa bale tinalima pang'ono ndipo wachita bwino, mabelo ananyamula ndi mwana wanga Stanley kupita nawo ku okushoni. Chimanga chilipo, mtedza ulipo. Njovu za ku Vwaza zinabwera kudzayendera munda wa oyandikana nafe, koma kwathu zinangolambalala. A Nyachirambo akuti nazonso zinamva kuti mwini mundawo akakupeza sakusiya msanga ndi nkhani zake.

Mwina mukudabwa kuti bwanji ndalemba kalata pomwe mafoni alipo. Si kufuna kwanga. Ndaletsedwa kukuimbirani. Wandiletsa ndi mdzukulu wanu Watipaso, mwana woyamba wa Stanley, uja munamuona ali kumsana kwa amake. Akuti kalata angathe kuiwerenga isanapite, koma pakamwa panga palibe amene angapayang'anire. Pamene ndikulemba pano wakhala pa mpando kumbuyo kwanga ngati mphunzitsi wolondera mayeso. Ndiye mukaona kalata ino ili ndi ulemu kuposa mwini wake, mudziwe chifukwa chake.

Nkhani ndi iyi. Mwanayu ali chaka chomaliza ku koleji ku Mzuzu, akuphunzira mbiri yakale. Kumeneko munthu samumasula asanachite kafukufuku wakewake ndi kulemba kabuku. Anzake anasankha za mafumu ndi za amishoni. Iye anasankha ife, matenanti amene tinatengedwa m'midzi ya kumwera ndi pakati kudzalima fodya m'maesiteti a kuno. Nditamva ndinakondwa. Ndinati zaka zonsezi ndimadziyesa munthu wamba, osadziwa kuti ndine phunziro.

Anayambira ku laibulale. Anabwera nawo kuno mapepala odzaza chikwama, ena okopera m'mabuku, ena a pa intaneti. Ine ndinkaganiza kuti chilichonse chodindidwa ndi makina ndi choona, koma iye akuti ayi. Pepala lililonse amaliyika pa bwalo n'kulifunsa kuti analilemba ndani, liti, anaona yekha kapena anangomva, ndiponso ankadya kwa yani. Funso lomalizali iye amalinena m'mawu ena a kusukulu, koma tanthauzo lake ndi lomwelo. Lina la pa intaneti linalibe dzina la mwini, linalibe chaka, ndipo chithunzi chake chinali cha fodya wochita kuwotcha m'mabani, pomwe ife wathu timayanika m'zigafa. Analitaya. Ndinamuuza kuti ntchito yakeyi ndi ya ku okushoni basi. Kumeneko ogula sakhulupirira masamba a pamwamba pa belo, amapisa dzanja m'kati, chifukwa alipo alimi amene amaveka zinyalala malaya abwino.

Buku lina lalikulu linalembedwa ndi mkulu wina amene ankagwira ntchito kwa eni maesiteti. Watipaso akuti silotaya, muli zambiri zothandiza, koma uziliwerenga ukukumbukira kumene mwini wake ankalandirira chakudya. M'bukumo analembamo za momwe anthu ankatengedwera m'midzi. Atandimasulira m'Chichewa, ine ndina... Apa wandigwira dzanja. Akuti ngakhale kukuuzani kuti ndinaseka kapena ndinakwiya, kumeneko n'kukuuzani kale yankho. Mumvetsa kutsogoloku.

Atatha mapepala anayamba anthu. Agogo ake aakazi anamulangiza kuti ngati akufuna kukhoza asayambire kwa ine. Mawu amenewo ananena ine ndili pompo, osatsitsa ndi mawu omwe. Choncho anapita kwa a Brightson, tenanti mnzanga wakale wochokera ku Mulanje, ndipo anamufotokozera za ulendo wobwera kuno. Anapitanso kwa a Hezron Gondwe, mkulu wa mpingo, munthu wa tayi ngakhale popita kudimba. Nawo anafotokoza chimodzimodzi. Kenaka anapeza kabuku kamene mpingo wathu unasindikiza pa chikondwerero chake, momwe muli tsamba lonena za mmene anthu a kumwera tinafikira kuno. Namonso nkhani inali yomweyo. Mwana anabwera kunyumba akuvina. Anati kusukulu anawaphunzitsa kuti mboni imodzi ndi mpando wa mwendo umodzi, koma iye wapeza miyendo itatu.

Nkhani ya panjirayo wandilola kuti ndikuuzeni, popeza inu kunalibeko. Mboni zonse zitatu zinati lole yathu inafera pa chitunda ku Chikangawa, m'mawa wa mwezi wa Ogasiti, nkhungu itatseka paliponse. Ife anthu a kuchigwa, ozolowera kugona pabwalo, tinanjenjemera mpaka mano kugundana. Ndiye tinatenga ziguduli zomangira fodya zimene zinali m'lolemo, n'kuboola pa mutu ndi m'manja, n'kuvala. Titatsika kuti tikankhe lole, mayi wina amene ankachokera m'nkhalango ndi dengu la bowa anaona masaka akuyenda okha m'nkhungu. Anaponya dengu n'kuliyatsa liwiro akuitana mayina a makolo ake. Ife tinawotcha bowayo n'kudya, ndipo mphamvu yokankhira lole inachokera pamenepo.

Watipaso analemba zonse bwinobwino n'kukapereka kwa aphunzitsi ake omuyang'anira, Mayi Phyllis Kalua. Mayi ameneyu sindinamuonepo, koma ndimamuopa ndi kumulemekeza pamodzi. Akuti anawerenga mwakachetechete, kenaka n'kufunsa mafunso awiri okha. Loyamba, bowa wa mu Ogasiti, mvula itatha kalekale, amamera pati? Lachiwiri, munthu wa ku Mulanje ndi munthu wa kwa Gondwe anakwera bwanji lole imodzi yonyamukira ku Kasinje? Anamuuza kuti abwerere akafunse mboni iliyonse kumene inabadwira ndi kumene inaimva nkhaniyo koyamba.

Achemwali, zimene anapeza ndi izi. A Hezron anabadwira konkuno ku Mwazisi, ndipo kumwera kwenikweni kumene anafikako ndi ku Jenda, kokagula tomato wa ukwati wa mwana wawo. A Brightson anabwera pa basi, patapita zaka ife titafika, ali ndi mkazi ndi matilesi. Tsamba la m'kabuku ka mpingo analemba ndi mkamwini wa a Hezron, atamva kwa apongozi ake. Ndipo onsewa anaimvera malo amodzi, pa bawo pansi pa mtengo wa pamsika, pomwe ine ndimaifotokoza chaka ndi chaka chisanu chikangoyamba. Miyendo itatu ija inapezeka kuti ndi mwendo umodzi, wanga, wa nyamakazi.

Ndinawafunsa anzangawo kuti nanga bwanji kunamiza mwana wa sukulu. A Hezron anakwiya, akuti iwo ndi mkulu wa mpingo, sananame. Akuti nkhaniyo aimva kambiri mwakuti akamaifotokoza amamva chiguduli chikuwayabwa pamsana, ndiye munthu angakane bwanji chinthu chimene chikumuyabwa? A Brightson anati ulendo wawo weniweni anagona kuchokera ku Limbe mpaka ku Ekwendeni, ndipo zinawachititsa manyazi kumupatsa mwana wa ku koleji nkhani yopanda kanthu chotero, ndiye anabwereka yanga. Onse awiri ankaganiza kuti akumuthandiza.

Tsiku limene Watipaso anabwera kuchokera ku Mzuzu ndi nkhani imeneyi, ine ndinali n'takonzeka kuseka. Koma nditaona nkhope yake, kuseka kunabwerera m'mimba. Anakhala pa khonde osavula ndi nsapato zomwe, n'kunena motsitsa kuti, "Asekuru, anzanga avala mikanjo chaka chino, ine mwina ndidzangopita kukawaombera m'manja." Asekuru ndiwo agogo aamuna kunoko. Dzina limeneli amandiitana tsiku ndi tsiku, koma tsiku limenelo linandilemera.

M'mawa mwake anandikhazika pansi, nati tisankhe nkhani yanga ngati mmene timasankhira fodya. Mulu woyamba zimene ndinaona ndi maso anga, wachiwiri zimene ndinamva kwa ena, wachitatu zimene ndinathirako kuti zikome. Lole inalowa mulu woyamba. Chisanu, nkhungu ndi ziguduli, mulu woyamba. Mayi uja analipodi, koma anasenza nkhuni, ndipo sanathawe, anangoima n'kutiyang'ana mwachifundo n'kumapita. Nanga ndani angaseke nkhuni? Bowa anamera pa bawo, sindikumbuka chaka chake, ndipo liwiro la mayiyo lakhala likukula chaka chilichonse. Mulu wachitatu unatalika ndithu, sindikubisirani. Komabe mwanayo anadabwa kuona kuti woyamba sunali waung'ono ayi.

Pa ntchito imeneyi ndaphunzirapo chinthu chimene chandipindulira. Akuti ku koleji ukatenga mawu a munthu osamutchula dzina, kumeneko ndi kuba, ndipo amakuchotsa sukulu. Ndinapita pa bawo n'kulengeza kuti ndakhala ndikuberedwa kwa zaka zambiri ndi mkulu wa mpingo. Tsopano lamulo lake n'lakuti aliyense wofotokoza za lole ayambe wanena kuti monga ananenera a Ellard. A Brightson anavomera. A Hezron akuti aziganizira kaye, poti mbali ya makolo a mayi uja anaikamo ndi iwo, ndipo nawonso akufuna kutchulidwa.

Koma tisiye zoseka pang'ono. Mayi Kalua sanamukalipire mwanayu, akuti anamuyamikira kuti wabwerera yekha kukapisa dzanja m'belo. Za panjira angathe kuzisiya, sizo zikuluzikulu. Mtima wa kabuku kake ndi tsiku la kumudzi, tsiku limene tinanyamuka. Anabwera ndani kudzatitenga, ananena chiyani, anthu anayankha chiyani, anapita ndani ndipo anatsala ndani. Buku la mkulu wa maesiteti uja lili ndi mbali yake, ine ndili ndi yanga. Koma pa mbali yangayo mboni ndine ndekha, ndipo ndine mboni yodya bowa mu Ogasiti. Aphunzitsiwo akuti apeze munthu wina amene anaimapo tsiku limenelo, amene sanamvepo nkhaniyo kuchokera kwa ine. Akalephera, gawo limenelo lichoke. Ndipo likachoka, chotsala ndi kungobwereza zimene ena analemba kale, zomwe sizikwanira kumumasula. Adzadikira chaka china.

Tinakhala pansi kufufuza anthu. Amene tinakwera nawo lole ija, ena anagona kale, ena anamwazikira ku Kasungu ndi ku Mzimba osadziwika kumene ali. Amene ali moyo konkuno onse anakhalapo pa bawo, ndiye anawonongeka kale. Nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinadandaula kuti anthu amandimvetsera.

Amene anakukumbukirani ndi alamu anu. Anati nanga a Nangozo, si analipo? Watipaso anafunsa msanga ngati sindinakufotokozereni kale nkhaniyi maulendo amene ndinabwera kumudzi. A Nyachirambo anaseka mpaka kutsokomola. Anamuuza kuti m'dziko lonse la Malawi muli munthu mmodzi yekha amene sanandilolepo kumaliza nkhani, ndipo munthuyo ndi inu. Anamufotokozera mmene mumandidulira ndikangoti tsiku lina, n'kundiuza kuti Ellard, kuno n'kumaliro, kapena Ellard, kuno n'kuukwati, kapena kungoti Ellard basi. Mwanayo anawala nkhope. Akuti inu ndiye gwero loyera, madzi amene ng'ombe sinapondemo. Ng'ombeyo mukuidziwa. Taonani tsono, nkhanza zanu zonse zija zasanduka chuma cha ku koleji.

Pempho langa ndi limodzi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene wamva m'mimba pano ndine. Mwezi wa mawa kumayambiriro Watipaso abwera kumeneko. Mumulandire, ndipo mumuuze zimene mukukumbukira za tsiku limene ndinachoka pamudzi. Si mlendo, ndi magazi anu, mukamuona mphuno mudzaizindikira. Chichewa amalankhula, koma chimatuluka chikuimba Chitumbuka, ndiye ana a pakhomo asamuseke kwambiri. Pang'ono pokha angathe. Akati yewo ndiye kuti akuthokoza.

Wandipatsa malamulo oti ndikulembereni, ndipo ndikulemba monga wanenera. Musasonkhanitse akuluakulu a m'mudzi kuti mugwirizane chonena, ameneyo akhala bawo wina. Ngati alipo wina amene anaona, adzamufunsa payekha. Mwana wanu Judy akakuwerengerani kalata ino, asakuthandizeni kukumbukira, popeza iye anali asanabadwe. Chimene munaona munene kuti ndinaona, chimene munamva kwa ena munene kuti ndinamva kwa uje. Pamene mwaiwala munene kuti ndaiwala. Akuti limenelo nalo ndi yankho labwino ndipo amalilemba. Ine zimenezi ndazimva ukalamba uno, chifukwa kwa ine pamene ndaiwala ndi pamene nkhani imayambira kukoma. Adzakupemphani kaye chilolezo chojambula mawu anu pa foni, ndipo mukafuna kuti dzina lanu lisalembedwe, salilemba.

Ine wandiletsa kutchula chaka, malo amene lole inaima kumudzi, ndi chilichonse chimene chinanenedwa pamenepo. Pamwamba pa mzere uno mukuona pakuda. Ndinangofuna kukukumbutsani kanthu kakang'ono ka chovala cha munthu wina, koma wafufuta ndi bolopeni mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Musavutike kuliyang'anitsa padzuwa, ndayesa kale, sizikuoneka.

China ndinene ndekha, popanda wondituma. Musanditeteze. Mwina zimene munaona inu zisiyana ndi zanga. Mwina ine m'nkhani yanga ndinakwera lole ngati msilikali, pomwe inu munaona zina. Nenani zanuzo. Mwanayu akuti mboni ziwiri zikasiyana pena ndi pena, ndi pomwe aphunzitsi ake amakhulupirira kuti sizinapangane, ndipo ntchito yake ndi kulemba pamene tagwirizana ndi pamene tasemphana, osabisa. Ngakhale mutagwirizana ndi buku la mkulu uja n'kunditsutsa ine, akuti kabuku kake kaimabe, bola akhale ndi mboni yoona. Ndiye musaope kuti mumugwetsa ponena zoona. Ulemu wanga musauwerengere, unatsala pang'ono kale ndipo ndazolowera kuyenda wopepuka.

Tsiku losankha milu lija, titamaliza, Watipaso anandifunsa funso lina. Anati nanga lole itachoka, kumudziko kunachitika zotani? Ndinafufuza m'mulu woyamba, munalibe. Wachiwiri, munalibe. Ngakhale wachitatu, umene sunandikhumudwitsepo, unali mbee. Nkhani yanga yonse imayang'ana kutsogolo kumene lole inkapita. Za kumbuyo kwa fumbi sindizidziwa. Pamene ndinabwera kumudzi ulendo woyamba, amayi anali atatisiya kale, ndipo inu ndi ine tinali ndi zambiri zoti tichite kuposa kukamba zakale. Sindidziwa ngati amayi anabwerera kunyumba nthawi yomweyo kapena anakhalitsa pamsewu, ngati ananenapo kanthu, ngati anapita kumunda tsiku limenelo. Mwa onse amene anatsala, amene angadziwe ndi inu nokha.

Watipaso wawerenga ndime imeneyi, wagwira bolopeni yake kanthawi, koma sanafufute. Akuti funso limenelo adzakufunsani pomalizira, ngakhale silikhudza mayeso ake. Walonjezanso kuti aphunzitsi ake akadzamva mawu anu n'kuvomereza, adzabwera nayo foniyo kuno kuti nane ndidzamve. Ndiye mukamadzayankha funso lomalizalo, Achemwali, mudzasendeze foniyo pafupi ndi pakamwa ndipo mudzakweze mawu. Makutu anga ayamba kulemera.

Mundiperekere moni kwa mwana wathu Judy ndi apongozi amuna ake, kwa adzukulu onse, ndi kwa asuweni athu a kutsidya kwa mtsinje ngati akundikumbukirabe. Alamu anu a Nyachirambo akuti monile chomene, ndipo akupatsirani nyemba za kuno kudzera mwa mwanayu. Stanley ndi mkazi wake akupereka moni. Mlonda wanga kumbuyoku akuti moni wake adzapereka yekha ndi manja awiri.

Mulungu akusungeni inu ndi bondo lanulo mpaka mwanayu afike.

Ndine mlongo wanu wa kutali,
Ellard.